Ndinavomera Kudumpha Mfuti

Ndikukumbukira fungo la mafuta a nsatsi limene linandikanirira m'manja chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri. Sopo ankalephera kulichotsa, ndipo anzanga kusukulu ankandisunthira kutali pabenchi, ati ndikununkha ngati mankhwala a m'mimba. Masiku amenewo fungolo ndinkalinyadira. Lero ndikangolimva, ngakhale pamsika, zonse zimandibwerera ngati zachitika dzulo.

Tinkakhala ku Biriwiri, kwawo kwa abambo anga, m'mudzi umene ukaponya mwala umakagwera ku Mozambique. Abambo, amene anali kalipentala, anali atamwalira chaka cham'mbuyo, n'kutisiya awiri, amayi ndi ine. Amayi, a Nabanda, anali a ku Bwanje. Anabwera kumapiri kuja ndi malowolo, choncho nyumba, munda ndi dimba lathu la m'mbali mwa mtsinje zonse zinali za kuchimuna. Tinkakhalapo chifukwa mkulu wawo wa abambo, a Gelesomu, ananena pamaliro kuti Nabanda asachoke, akhale alere mwana. Aliyense anawayamika. Palibe amene ananena mokweza kuti pakamwa pomwepo pakhoza kudzatulukanso mawu ena.

A Gelesomu, amene ine ndinkawatchula kuti abambo aakulu, anakhalitsa ku Joni. Anayamba ndi mgodi, kenako anakalowa ntchito pafamu ina kumene azungu amalipira kuti aphe nyama zakutchire. Ntchito yawo kumeneko inali kusenda zikopa ndi kunyamulira alendo mfuti, koma nkhani ikamakambidwa pamowa, wowombera njati ankasanduka iwo. Anabwerako ndi chipewa chotambalala, nsapato zofika m'mawondo, ndi njala imodzi yokha: kukhala ndi mfuti ngati zimene ankanyamulira ena, ya thendere la mtengo wokongola, loyezedwa paphewa la mwiniwake. Anyamata anawapatsa dzina lakuti Bwana Safali. Iwo ankayesa ndi ulemu.

Chitsulo cha mfuti anali nacho kale. Bambo awo anabwera nacho kuchokera ku nkhondo ya azungu, ndipo nthawi ya chipani chimodzi chinakwiriridwa pansi pa nkhokwe, chitakulungidwa m'chikopa. Zipani zitachuluka, anthu anayamba kufukula zimene anabisa, wina mabuku, wina maganizo, abambo aakulu mfuti. Mtengo wake wonse chiswe chinali chitamaliza. Kunatsala mpope ndi zitsulo zake, zitafiira ndi dzimbiri. Anaziviika m'palafini, anazikwecha mpaka zinayera, anayenda ku boma mpaka anabwerako ndi chilolezo, kenako anayamba kufunafuna mtengo wa thendere.

Anati pamafunika mtengo wouma zaka zambiri, woti usadzapindike kapena kung'aluka. M'mudzi monse thabwa lotere linali limodzi, la mlombwa, lochindikala, limene abambo anga ankapalirapo matabwa pakhonde pathu. Linali ndi zipsera za sowo ndi tchizulo, ndipo ine ndinkalemberapo ntchito ya kusukulu, chala changa chikulondola zipserazo ndikasowa yankho. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza pakhonde pataima miyendo yokha.

"Thabwa la mng'ono wanga ndi langa, mlamu," anatero abambo aakulu amayi atapita kukafunsa. "Kapena mukufuna kuyamba ukalipentala?"

Amayi anaomba m'manja mwaulemu n'kubwerera. Ine ndinalondola thabwalo, ndipo umo ndi mmene ndinalowera m'ntchito ya mfuti.

Ndisaname, ntchitoyo inali yokoma. Abambo aakulu anajambula thendere ndi khala pathabwapo, anacheka, anasema ndi kasemasema. Ntchito yaikuluyo ankaitha, manja awo ankaudziwa mtengo. Ankaika thendere paphewa, n'kutsamiritsa tsaya, n'kuchotsa, n'kupala pang'ono, n'kuikanso, uku akundisimbira za alendo awo a ku Joni ndi mfuti zawo. Koma itafika ntchito yofuna kusamala, yogoba mumtengo kuti chitsulo chikhalemo osagwedera, anayamba kundiitana pafupi. Ankadetsa chitsulo ndi mwaye wa koloboyi, n'kuchikanikiza mumtengo, ndipo pamene pada ndi pamene pankafunika kupala.

"Pada pati, Lusiya?" ankandifunsa.

Ine ndinkaloza. Patapita masiku anangondipatsa tchizulo m'manja. Kasikuluwu kakagwa pafupi ndi phazi lawo, ankapapasa fumbi ndi chikhatho mpaka ine nditatola. Timizere topingasa ta pogwirira, timene anthu ankabwera kudzaona n'kumati a Gelesomu ndi katswiri, ndinadula ndine ndi tupa. Mafuta a nsatsi ndinkapaka ndine ndikaweruka, kupaka ndi kusisita ndi chikhatho mpaka mkono kuwawa, ndipo mlombwa uja unafiira n'kuyamba kuwala. Kwa ine sinali mfuti. Linali thabwa la abambo anga, ndipo ndinkafuna likongole.

Ndili pafupi chotero ndinaona kuti m'maso mwa abambo aakulu munali kamtambo koyera, ng'ala, makamaka m'diso lakumanja. Chipewa chija ankachitsitsira kumaso dala. Munthu akamabwera panjira ankamuzindikira ndi mawu, ndipo akamabwera mwakachetechete ankandinong'oneza kuti, "Ndani uyo?" Ndinkawauza, n'kumayesa ndi chinsinsi chathu awiri. Ndinkawakonda masiku amenewo, ndipo zimenezi ndi zimene zimandipsetsa mtima koposa.

Mfuti itatha anaitanitsa sing'anga wa tsidya la malire kuti adzaitsirike. Anaisambitsa ndi madzi a mizu, anaifukiza utsi, ndipo analamula kuti kuyambira tsiku limenelo munthu wamkazi asaikhudze, asaidumphe, chifukwa mfuti yodumphidwa ndi mkazi imazizira, siphanso nyama. Onse anagwedeza mitu kuvomera. Ine ndinayang'ana manja anga. Thendere lonse lija linali thukuta langa, koma tsopano ndinali chinthu choipitsa mfuti. Abambo aakulu sanayang'ane kumene ndinakhala. Kaya anali manyazi, kaya sanandione.

Inali nyengo yozizira, nguluwe zikuvutitsa m'madimba, kufukula mbatata ndi kachewere. Amuna anapangana zokasaka, agalu ndi mikondo, Bwana Safali patsogolo ndi chipewa chake. Nkhani inafika m'mudzi eniake asanafike. Agalu anatulutsa nguluwe yaikulu m'bango, inadzaima pamtetete, pafupi moti mwana akanaigenda ndi legeni. Mfuti inalira, chipolopolo chinakakumba chulu chimene sichinalakwire munthu, nguluwe n'kudzipitira. Anyamata anaseka mpaka kugwira nthiti.

Munthu wamkulu akaphonya pamaso pa anthu, pamafunika wina woti asenze manyaziwo. M'mawa mwake ndinaitanidwa. Abambo aakulu anali pampando, mfuti itagona pachikopa, abale atakhala mozungulira, azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, ali pafupi nawo. Anati dzana mfutiyo anaisiya pamkeka m'nyumba mwawo, ndipo mwana amene anazolowera kulowa m'nyumbamo ndine ndekha.

"Unaidumpha, Lusiya. Vomera, tiitsuke, nkhani ithe."

"Sindinaidumphe, bambo."

"Ngati sunaidumphe mwangozi, ndiye kuti pali amene anakutuma. Alipo ena thabwa lija likuwawawabe."

Onse anatembenukira kwa amayi. Ngakhale ndinali mwana, ndinamvetsa pomwepo kuti mlandu si wa nguluwe ayi. Ndikavomera, ndi chibwana cha mwana. Ndikakana, ndi ufiti wa mkazi wobwera, ndipo mkazi wobwera amene walodza mfuti ya mlamu wake sakhalitsa m'mudzi. Anatiuza kuti tikaganize, tibwere ndi yankho madzulo.

Amayi ananditengera kudimba ngati tikukathirira kabichi. Kumeneko ndinalira, osati ndi mantha koma ndi ukali.

"Amayi, abambo aakulu saona. Ngakhale sikuluwu ili paphazi pawo saiona. Mfuti ilibe vuto."

Amayi anaika kheni yothirira pansi. "Ukuyesa ndiwe wekha uli ndi maso? Azakhali ako akudziwa. Amene anapita nawo kosaka akudziwa. Mudzi wonse ukudziwa."

"Nanga osanena bwanji?"

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwanawe, ndipo mkhate wake ndife. Ukanena iwe, tikakhala kuti? Dimba ili tilisenza pamutu? Wamkulu savulidwa pagulu. Kagwade, kavomere. Mawu satulutsa magazi."

Ndinakagwada. Ndinanena zimene ankafuna kumva: "Ndinaidumpha, bambo, mundikhululukire." Anandikwapula kumiyendo ndi nthambi ya pichesi, ati miyendoyo iphunzire poponda. Nkhuku yanga yakuda, imene amalume a ku Bwanje anandipatsa, inapita kwa sing'anga, ndipo mfuti inatsukidwa. Azakhali anandisisita pamutu, ati ndine mwana womva. Zikwapu zija sizinandipweteke ngati dzanja limenelo. Kusukulu anyamata akandiona ankagoneka ndodo panjira n'kumakuwa kuti ndidumphe.

Abambo aakulu, amene ankadziwa bwino lomwe kuti sindinalakwe, anayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo, akuuza aliyense kuti tsopano mfuti yatentha, nguluwe zilembe m'madzi. Ndikuganiza kuti pofika pamenepo anali atayamba kulikhulupirira okha bodza lawo. Akanalekeranji, mwana atagwada pamaso pa abale onse n'kuvomera? Tinawathandiza tonse, nanenso ndi maondo anga.

Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina kunacha ndi chifunga, chija chimatsika m'mapiri a kwathu moti khola la ng'ombe sulionera pakhomo. Amayi analawirira kudimba kuti athirire asanapite ndi ndiwo kumsika, atavala chijuzi chakuda cha malemu abambo. Ine ndinatsala ndikusesa pabwalo. Abambo aakulu nawo anali atalawira okha, osauza munthu, kuti akachotse manyazi awo, ndipo anakabisala pachulu cha kumtunda kwa madimba. Anaona chinthu chakuda chitawerama pakati pa mizere, chikusuntha pang'onopang'ono.

Kulira kwa mfuti ndinakumva ndili ndi tsache m'manja. Sindinafunse munthu, ndinangothamangira kudimba. Amayi ndinawapeza atakhala pansi m'matope, kheni itang'ambika pambali pawo, madzi akutayika, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje chimene chinali chitafiira kale. Sankalira, ankangopumira m'mwamba. Chipolopolo chinamenya pogwirira kheni n'kupita ndi zala ziwiri. Chikanadzera cha kuno pang'ono, bwenzi nkhani ino akulemba ndi mwana wopanda mayi ndi bambo womwe.

Abambo aakulu anatsika pachulu akupunthwa m'mizere, akufuula mokondwa kuti, "Yagwa! Ndaigwetsa!" Anafika pafupi ndithu asanadziwe kanthu. Anazindikira atamva mawu anga.

Anthu anathamangira, amayi anawakweza pangolo mpaka kumsewu. Tikudikira matola, magazi akudonthera pansi, abale anali atayamba kale kukonza nkhani. Masiku amenewo mfuti zotsala ku nkhondo ya ku Mozambique zinali mbwee m'malire, choncho anati tikanene kuti chipolopolo chinachokera kumeneko, wowombera sitinamuone. Azakhali anagwada pambali pa amayi, akuwapukuta thukuta, n'kumawauza mofatsa kuti, "Za m'banja zithere m'banja, mlamu. Achimwene akamangidwa, inu mupindula chiyani?" Ndipo amayi, milomo itayera, dzanja lili m'nsanza, anagwedeza mutu kuvomera. Apo ndiye ndinaona kuti ulemu umenewu utimaliza.

Kuchipatala, popeza linali bala la mfuti, kunabwera wapolisi kudzafunsa. Azakhali anayamba nkhani yawo ya malire, bwinobwino, ngati analipo. Ine ndinawadula pakamwa, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa munthu wamkulu chibadwire.

"Awombera ndi abambo aakulu, a Gelesomu. Saona. Ali ndi ng'ala, ndipo aliyense ali panoyu akudziwa. Ndipo mfuti ija sindinaidumphe."

Mawu omalizawo wapolisi sanawamvetse, koma sindinkauza iye.

Mfuti inatengedwa tsiku lomwelo, ndi mlombwa wa abambo anga womwe, ndipo sindinaionenso. Abambo aakulu anagona m'chitokosi, abale anayendayenda mpaka anatuluka. Amayi atatuluka m'chipatala tinapeza mudzi utatifulatira. Mlandu umene unkakambidwa pachitsime ndi pachigayo sunali wa munthu amene anawombera mlamu wake, unali wa mwana wopanda mwambo amene anamangitsa bambo wake. Palibe amene anatiuza kuti chokani. Anangoti dimba lija alimemo mwana wa azakhali, popeza Nabanda ndi dzanja limenelo sangathenso kunyamula kheni, ndipo anatero ngati akutichitira chifundo. Mvula isanagwe tinamanga katundu kupita ku Bwanje, kwa amalume. Dimba limene ndinagwadira linapita ndithu, ndipo linatengana ndi zala.

Ku Bwanje kunali kotentha, kwachilendo kwa ine mwana wa kumapiri. Amayi anaphunziranso kugwira khasu, kumanga chitenje ndi kuwokera mpunga ndi zala zitatu. Poyamba mbande zinkawapulumuka, zinkayandama pamadzi, iwo n'kuzitola osadandaula. Ine ndinkawakwiyira mumtima, ndipo ankadziwa. Tsiku lina tili m'matope mpaka m'misongolo anaweramuka, nandiyang'ana.

"Paja ndinakuuza kuti mawu satulutsa magazi," anatero.

Anayang'ana dzanja lawo, kenako anaweramanso. Nanenso ndinawerama, tinapitiriza kuwokera. Kuyambira tsiku limenelo ukali wanga unawachoka amayi, koma sunathe, unangopita kwa eniake.

Patapita zaka tinamva kuti madokotala oyendayenda anafika kwathu kuja, ndipo ng'ala ya abambo aakulu anaichotsa m'mawa umodzi, popanda sing'anga, popanda nkhuku yakuda. Ndiye kuti chinthu chimene mudzi wonse unkaopa kuchitchula chinali chochizika. Anakhala akuona bwino mpaka imfa yawo, koma njira ya ku Bwanje sanaione.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ena amakomadi, koma aja anagonera n'kusasa. Amayi sindiwaimba mlandu: anali mkazi wamasiye pamudzi wa eni, ndipo anandiphunzitsa njira imene iwonso anaphunzitsidwa yopulumukira. Amene sindinawakhululukire mpaka lero ndi anthu a maso abwino aja, amene anaona kuti n'chapafupi kukwapula mwana kusiyana ndi kuuza munthu mmodzi kuti, achimwene, ikani mfuti pansi, tiyeni kuchipatala. Ankati akusunga ulemu wa munthu wamkulu. Chimene ankasunga ndi mtendere wawo, ndipo anatilipiritsa ife. Ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti bodza lovomera kuti nkhani ithe silithetsa nkhani. Woona amakhala chete, wosaona amapatsidwanso mfuti, ndipo wina amakhala atawerama m'dimba osadziwa kanthu.

Lero ndimakhala ku Manjawira ndi ana anga aakazi, ndipo amayi, amene akalamba tsopano, tili nawo. Ana anga amagwada popereka madzi, amati inu kwa wamkulu aliyense, ndipo sindingalole kuti asiye. Koma tsiku lina wamng'ono anabwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira. Zenera la kalasi linali litasweka, iye ankadziwa kuti si iye, koma atakakamizidwa anavomera.

"Ndimafuna nkhani ithe, amayi," anatero.

Sindinamukalipire. Ndinamutuma kuseri kwa nyumba, kumene agogo ake ankapeta mpunga, kuti akawapatse moni wa m'manja, dzanja lamanja, ndipo asalisiye msanga. Anakhalitsako, ndipo ndinkamva amayi akumuyankhula motsitsa. Atabwerako ndinamuuza kuti avalenso nsapato, tibwerere kusukulu.